Kulonjezedwa mpando wa udokotala uli ndi zaka 17: mapulogalamu a BS/MD ku America

Kwathu ku Malawi, mwana amene wakhoza bwino MSCE n'kusankhidwa kukaphunzira udokotala amapita ku Kamuzu University of Health Sciences ku Blantyre, amachita chaka chimodzi chokonzekera, kenako zaka 5 za MBBS. Ku Britain, ku South Africa ndi ku India nakonso mwana amachoka ku sekondale n'kulunjika ku sukulu ya udokotala. Ku United States zinthu sizili choncho, ndipo makolo ambiri ochokera kwathu amene akulera ana ku Indiana, ku Texas kapena ku Maryland amazindikira zimenezi mochedwa. Kumeneko udokotala ndi digiri yachiwiri. Mwana amayamba watenga digiri ya zaka 4 ku koleji, kenako amapikisana mwatsopano kuti alowe sukulu ya udokotala, ndipo oposa theka la opikisanawo amabwerako chimanjamanja.

Pali mapulogalamu owerengeka amene amamudumphitsa mwana mpikisano wachiwiriwu. Amawatcha BS/MD kapena BA/MD, potengera madigiri awiri amene wophunzira amatuluka nawo: BS kapena BA ya pa koleji, ndi MD ya udokotala. Mwana amafunsira malo ali m'chaka chomaliza cha sekondale, ndipo akatengedwa amalandira zinthu ziwiri pakamodzi: malo ku koleji, ndi lonjezo la mpando ku sukulu ya udokotala akadzamaliza gawo loyambalo. Kwa kholo limene lakhala likugwira mashifiti ausiku kuti mwana adzakhale dokotala, nkhani imeneyi imamveka ngati yankho la pemphero. Ndikufuna tiione modekha, chifukwa lonjezoli ndi lenileni, koma lili ndi malamulo ake, ndipo wodzawasenza ndi mwanayo.

Njira imene ambiri amadutsa

Munthu sangamvetse chifukwa chake mabanja amalimbirana mipando imeneyi ngati sakudziwa kuwawa kwa njira ya masiku onse. M'zaka za m'ma 1800 masukulu ambiri a udokotala ku America anali mabizinesi a madokotala eni ake, ndipo ena ankalandira aliyense wolipira fizi, ngakhale amene sanamalize sekondale. Johns Hopkins ya ku Baltimore itatsegula sukulu yake mu 1893 inalamula kuti wolowa akhale ali ndi digiri kale. Mu 1910 Abraham Flexner, atayendera masukulu a udokotala 155 a ku America ndi Canada potumidwa ndi Carnegie Foundation, analemba lipoti lodzudzula ambiri mwa iwo n'kuloza Johns Hopkins ngati chitsanzo choti onse atsatire. Masukulu ambiri anatsekedwa m'zaka zotsatira. Mwa masukulu 7 amene ankaphunzitsa anthu akuda munatsala awiri okha, Howard ku Washington ndi Meharry ku Nashville. Ku Meharry komweko n'kumene Daniel Sharpe Malekebu anamaliza udokotala mu 1917 ndi Hastings Kamuzu Banda mu 1937. Banda anatsata ndendende njira ya magawo awiriyi: digiri yoyamba anaitenga ku University of Chicago mu 1931, udokotala unabwera pambuyo.

Mpaka lero dongosolo ndi lomwelo. Pa koleji wophunzira akhoza kusankha phunziro lililonse, kaya mbiri yakale, kaya nyimbo, koma ayenera kuchita makosi amene masukulu a udokotala amafuna: bayoloje, kemisitiri, fizikisi, biochemistry, masamu ndi Chingerezi. Kosi ya organic chemistry ndi yotchuka chifukwa chobweza ana ambiri amene analowa koleji akunena kuti adzakhala madokotala. Opirira amakumana ndi mayeso olowera ku sukulu ya udokotala otchedwa MCAT, omwe amatenga maola pafupifupi 7 ndi theka, mafunso 230, ndipo malikisi ake amayambira pa 472 kulekeza 528. Amene amapeza malo amakhala ndi malikisi ozungulira 511 kapena 512, ndi GPA (avereji ya magiredi) yoyandikira 3.8 pa 4.0. Chaka chilichonse anthu oposa 50,000 amafunsira malo m'masukulu opereka digiri ya MD, koma olowa amakhala pafupifupi 23,000. Mu 2021 ofunsira anapitirira 62,000. Ambiri amayamba adikira chaka chimodzi kapena ziwiri atamaliza digiri, akugwira ntchito m'zipatala ndi m'malabotale kuti akhale ndi zolemba pa fomu, n'chifukwa chake wolowa chaka choyamba cha udokotala nthawi zambiri amakhala wa zaka pafupifupi 24. Akamaliza zaka 4 za MD, patsogolo pake pamakhala pali zaka 3 mpaka 7 za maphunziro a ukatswiri m'chipatala, amene amawatcha residency.

Choncho mwana wa pa koleji amene akufuna udokotala amakhala zaka 4 ali ndi mantha a giredi iliyonse. Ena amapewa makosi amene amawakonda poopa kutsitsa GPA. Chimene pulogalamu ya BS/MD imagulitsa kwenikweni ndi kuchotsa mantha amenewa. Kufupikitsa zaka kumabwera pachiwiri, ndipo m'mapulogalamu ambiri a masiku ano kulibeko n'komwe.

Mapulogalamuwa si ofanana

Anayamba kuchuluka m'zaka za m'ma 1960, pamene America inkada nkhawa kuti madokotala akuchepa ndipo maphunziro awo akutenga nthawi yaitali. Northwestern ya ku Illinois ndi Boston University anayamba awo mu 1961. Penn State inagwirizana ndi Jefferson Medical College ya ku Philadelphia mu 1963. University of Missouri–Kansas City inatsegula sukulu yake ya udokotala mu 1971 itaimangiratu pa dongosolo la zaka 6, ndipo mu 1973 City College ya ku New York inayamba pulogalamu ya Sophie Davis ku Harlem, yofuna kuphunzitsa ana a m'madera osauka kuti akakhale madokotala a m'madera oterowo.

Lero alipo a zaka 6, a zaka 7 ndi a zaka 8, ndipo kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa m'mene manambalawo akuonekera. Ku Kansas City ophunzira amayamba kuona odwala chaka choyamba chomwe, amayikidwa m'timagulu totsogozedwa ndi dokotala mmodzi amene amayenda nawo zaka zingapo, ndipo amaphunzira ngakhale m'miyezi imene anzawo a m'makoleji ena ali pa tchuthi chachitali. Mwana amatuluka ali dokotala ali ndi zaka 24, koma unyamata wake wonse wathera pa mabuku. Howard nayo ili ndi njira ya zaka 6. Ya Penn State ndi Jefferson ndi ya zaka 7, monganso ya Rensselaer Polytechnic Institute ndi Albany Medical College, imene imatsamira pa kafukufuku. Albany yomweyo ili ndi mgwirizano wina ndi Union College wotsindika za utsogoleri ndi kayendetsedwe ka zaumoyo, ndi winanso ndi Siena wotsindika kutumikira anthu ovutika. Sukulu ya udokotala ndi imodzi, koma mwana amene akufunidwa ndi wosiyana pa khomo lililonse, ndipo wofunsira amene watumiza chimangirizo chimodzimodzi kwa onse atatu amadziwika msanga.

A zaka 8 safupikitsa kanthu. Brown University ya ku Providence, yokhayo mwa mayunivesite akale otchuka a m'gulu la Ivy League imene ili ndi pulogalamu yotere, imaitcha Program in Liberal Medical Education, ndipo cholinga chake n'chakuti mwana amene mpando wake ndi wosungidwa aphunzire momasuka zimene mtima wake ukufuna, kaya zinenero, kaya filosofi, kaya zachuma. University of Rochester ndi Case Western Reserve ya ku Cleveland alinso ndi a zaka 8.

Mipando yake ndi yochepa kwambiri. Brown, yomwe ili m'gulu la otenga ambiri, imalandira ana pafupifupi 50 kapena 60 pachaka mwa zikwi zingapo zofunsira. Ena amatenga 10, ena 20. M'mapulogalamu otchuka, mwa ofunsira 100 amatengedwa awiri kapena atatu, kutanthauza kuti kupeza mpando umenewu n'kovuta kuposa kulowa mayunivesite ambiri otchuka kwambiri. Komanso mapulogalamu ena akale atsekedwa posachedwapa. Northwestern inasiya kulandira ana atsopano mu pulogalamu yake cha m'ma 2020, ndipo ya Boston University ndi ya Rice ndi Baylor ku Houston nazonso zinatha. Amene amatsutsa mapulogalamuwa amanena zinthu ziwiri zimene ine ndimaona kuti n'zomveka: n'kovuta kudziwa mtima wa munthu wa zaka 17, ndipo ana amene amakwanitsa kuoneka okonzeka pa msinkhu umenewo ambiri amachokera m'mabanja a madokotala kapena opeza bwino. Musadalire mndandanda umene munauona zaka zitatu zapitazo. Pitani pa tsamba la yunivesite yeniyeniyo chaka chimene mwana akufunsira.

Lonjezo lake ndi lotani

Mpando umenewu ndi chitomero, ukwati ukadali patsogolo. Sukulu ya udokotala yanena kuti idzamulandira mwanayo, koma pokhapokha akasunga zimene anagwirizana, ndipo zimenezi zimalembedwa. Pafupifupi mapulogalamu onse amafuna kuti GPA isatsike pa mlingo wina, kawirikawiri cha m'ma 3.5, ndipo ena amawerengera payokha GPA ya makosi a sayansi. Ena salola giredi yotsika kuposa B kapena C pa kosi yofunikira. Pa nkhani ya MCAT amasiyana kwambiri: Brown, Rochester ndi Kansas City safuna kuti ana awo alembe mayesowa, pamene Penn State ndi ena ambiri amafuna kuti alembe ndi kufika pa malikisi amene anaikidwa. Kuli masukulu ena kumene malikisi ofunikawo ndi okwera kwambiri moti mwana amene wawafikira akanatha kupeza malo kwina kulikonse mwa njira ya masiku onse. Pamenepo ndi bwino kudzifunsa kuti lonjezolo lamupatsa chiyani.

Khalidwe nalo lili m'pangano. Kugwidwa akubera mayeso, kukopera ntchito ya wina, kapena mlandu wa mowa pa sukulu zikhoza kuthetsa zonse. Mapulogalamu ena amafunanso kuti mwana akaonekere kachiwiri kwa akuluakulu a sukulu ya udokotala asanawoloke.

Mfundo imene mabanja ambiri saiwerenga ndi ya kufunsira kwina. Mwana akafika chaka chachitatu ali ndi magiredi apamwamba, akhoza kulakalaka sukulu ina ya udokotala, yotchuka kuposa imene anamulonjeza kapena yotsika fizi. Mapulogalamu ena amalola kuti ayese kwinako mpando wake uli chisungidwire. Ena amanena kuti tsiku limene watumiza fomu kwina, mpando wapita. Funso limeneli lifunsidwe mwana asanavomere, ndipo yankho lake likhale lolembedwa.

Kafunsidwe ka malo

Mwana amadutsa makomo awiri. Koleji imayamba yamulandira ngati wophunzira wamba, kenako imasankha ochepa n'kuwatumiza ku komiti ya pulogalamuyo kapena ku sukulu ya udokotala, imene imasankhanso oti iwaitane ku intaviyu. N'zotheka kulandiridwa ku koleji koma kukanidwa mpando wa udokotala, ndipo ambiri zimawathera chonchi. N'chifukwa chake ndimalimbikira kunena kuti mwana asafunsire koleji imene sangafune kukaphunzirako popanda mpandowo.

Nthawi yake imathamanga. Fomu ya Common Application, imene makoleji ambiri amagwiritsa ntchito, imatsegulidwa pa 1 Ogasiti. Ofunsira koleji wamba ambiri amakhala ndi mpata mpaka kumayambiriro kwa Januwale, koma mapulogalamu ambiri a BS/MD amatseka pakati pa 1 Novembala ndi 1 Disembala, ndipo amawonjezera zimangirizo zawozawo. Maintaviyu amachitika kuyambira Januwale mpaka Malichi, mayankho amabwera mu Malichi kapena Epulo, ndipo pofika pa 1 Meyi mwana ayenera kukhala atasankha. Chenjerani ndi njira ya Early Decision, imene imamangiratu mwana ku yunivesite imodzi akalandiridwa. Pa masukulu ena mwana akhoza kulandiridwa ku koleji mwa njira imeneyi, kukanidwa ku pulogalamu ya udokotala, koma n'kukhalabe womangika kupita komweko.

Za magiredi sindikhalapo nthawi yaitali, chifukwa n'zodziwikiratu. Amawerengedwa kuyambira giredi 9, ndipo amayang'ananso ngati mwana anatenga makosi ovuta amene sukulu yake imapereka, a AP kapena IB, makamaka kemisitiri, bayoloje ndi masamu. Pa mayeso olowera ku koleji, opikisana mwamphamvu amakhala ndi SAT yoposa 1500 pa 1600, kapena ACT ya 34 kupita m'mwamba pa 36. Koma ana okhala ndi manambala amenewa ndi ochuluka kuposa mipando. Manambala amangochititsa kuti fomu iwerengedwe.

Chimene komiti ikufunafuna ndi umboni wakuti mwanayu wauona udokotala pafupi ndipo akuufunabe. Umboniwo umachokera ku zimene wachita: kuyenda pambuyo pa dokotala tsiku lonse akuona ntchito yake, kugwira ntchito mongodzipereka m'chipatala, m'nyumba zosungira okalamba kapena kumene amasamalira odwala amene atsala pang'ono kumwalira, kuphunzira ntchito ya mu ambulansi kumene malamulo a boma la deralo amalola achinyamata, kapena kuthandiza pa kafukufuku mu labotale. Mipata imeneyi sipezeka mophweka kwa mwana wosakwana zaka 18, chifukwa zipatala zimasunga kwambiri chinsinsi cha odwala potsata lamulo la HIPAA la mu 1996. Mwana wa dokotala amangouzidwa kuti bwera Loweruka. Mwana wa anthu obwera amayenera kulemba makalata ambiri, kufunsa ku tchalitchi, kufunsa dokotala amene amaona banja lawo, kufunsa aphunzitsi a sayansi.

Apa pali chinthu chimene ana athu ali nacho koma sachiwerengera. Ambiri mwa makolo ochokera kwathu amagwira ntchito yosamalira okalamba ndi odwala, ndipo ana awo akula akumva za ntchito imeneyi patebulo la chakudya. Ena amasulirapo Chingerezi cha dokotala kwa agogo amene anabwera kudzacheza n'kudwala. Ena anakhalapo gadiyani pa chipatala kumudzi, akugona pansi pafupi ndi bedi la wodwala, akuphika, akuchapa, akudikira dokotala mmodzi amene ali ndi wodi yonse. Mwana amene wadutsa zimenezi amadziwa za matenda zinthu zimene mnzake wa mu labotale sanazione. Azilembe mosakometsera, anene chimene anaona, chimene anachita ndi manja ake, ndi chimene chinamusautsa.

Ndikuchenjezanso za maulendo olipira amene makampani ena amagulitsa, otengera ana a sekondale ku zipatala za ku Africa kapena ku Latin America kwa masabata awiri. Ena mwa maulendowa amalola ana kubaya jekeseni, kusoka mabala kapena kuthandiza kubereketsa, zinthu zimene ku America sangaloledwe n'komwe kuziyandikira. Bungwe la masukulu a udokotala la AAMC linatulutsa malangizo ochenjeza ophunzira kuti asamachite zimene sanaphunzire pa odwala a mayiko ena, ndipo makomiti ena amachiona ngati chizindikiro choipa. Kwa ife nkhaniyi ndi yowawa mwapadera, chifukwa odwala amene amayeseredwawo ndi abale athu. Mwana akapita kumudzi pa tchuthi n'kupeza chilolezo choonerera pa chipatala, aonerere, athandize zimene munthu wamba angathandize, alekere pomwepo.

Chimangirizo chachikulu cha Common Application sichipitirira mawu 650, ndipo mapulogalamuwa amafunsanso mafunso awo: n'chifukwa chiyani ukufuna udokotala, n'chifukwa chiyani ukufuna kulonjezedwa pano osadikira, n'chifukwa chiyani pa sukulu ino. Funso lachiwirilo ndi limene limagwetsa ambiri. Yankho lakuti ndikufuna kupewa MCAT ndi loona, koma silithandiza. Komiti ikufuna kumva chimene mwanayo adzachite ndi mtendere umene akupempha. Kodi adzaphunzira chinenero china kuti azilankhula ndi odwala ambiri? Kodi adzakhala zaka zitatu pa kafukufuku mmodzi? Za kufuna kuthandiza anthu aliyense amalemba, ndipo namwino, mphunzitsi ndi m'busa nawonso amathandiza anthu. Mwana anene chimene chili mu ntchito ya dokotala yeniyeniyo chimene chimamukoka. Makolo, werengani ngati mwana wakupemphani, koma musamulembere. Anthu amene amawerenga mafomu zikwizikwi amadziwa kusiyanitsa mawu a mwana wa zaka 17 ndi a munthu wa zaka 45.

Ofika pa intaviyu amakhala atatsala ochepa. Masukulu ena amacheza ndi mwana kwa theka la ola kapena kuposerapo. Ena amagwiritsa ntchito njira ya MMI, imene inayambira ku McMaster University ku Canada kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000: mwana amazungulira malo 6 mpaka 10, pamalo paliponse amapatsidwa nkhani yoti aiganizire mphindi zochepa n'kukambirana ndi munthu wosiyana. Nkhani zake zimakhala za mtundu uwu: wodwala akukana mankhwala chifukwa cha chikhulupiriro chake, kapena mnzako wapamtima wabera mayeso ndipo iwe wamuona. Safuna yankho loloweza. Akuyang'ana ngati mwana amamvetsera, ngati amaona mbali zonse, ngati angavomere kuti nkhani ndi yovuta osasokonezeka. Ana oleredwa mwa chikhalidwe chathu ayenera kukonzekera chinthu chimodzi: kwathu kuyang'ana pansi polankhula ndi wamkulu ndi ulemu, koma m'chipinda chimenecho kukhoza kuoneka ngati kusadzidalira. Ayeserere kunyumba kuyang'ana munthu kumaso ndi kunena maganizo ake momveka, ulemu uli pomwepo.

Unzika ndi ndalama

Mapulogalamu ambiri a BS/MD amalandira nzika za America ndi okhala ndi green card (chilolezo chokhazikika m'dzikolo) okha, ndipo a mayunivesite a boma amakondera ana a m'dera lawo. Chifukwa chake chili ku sukulu ya udokotala. Masukulu ambiri a udokotala ku America salandira ophunzira akunja, ndipo mu 2019 akunja amene analowa m'masukulu onse a MD m'dziko lonselo sanakwane 300. Ngongole za boma sizipatsidwa kwa ophunzira akunja a viza ya F-1, ndiye masukulu ena amene amawalandira amafuna umboni wa ndalama za zaka zonse, kapena kuti ndalama za chaka chimodzi mpaka zinayi zisungidwiretu mu akaunti yapadera. Kuwonjezera apo, kuyambira 2025 boma la America lakhwimitsa malamulo a maviza kwa nzika za mayiko angapo a mu Africa, kuphatikizapo Malawi ndi Zambia. Banja limene mapepala ake akadali m'njira liyambe lafufuza mfundo imeneyi lisanawononge ndalama za mafomu.

Ngakhale kwa nzika, mtengo wake ndi woopsa. Mayunivesite otchuka amene si a boma amafika pa $85,000 kapena kuposa pachaka, kuphatikiza malo ogona ndi chakudya. Mabanja opeza pang'ono amathandizidwa kwambiri pa gawo limeneli akadzaza mafomu opemphera thandizo la fizi a FAFSA ndi CSS Profile, koma thandizo la pa koleji silimuperekeza mwana ku sukulu ya udokotala. Kumeneko zaka 4 zimadya pakati pa $250,000 ndi $400,000, ndipo omaliza amene anatenga ngongole amatuluka ndi ngongole yozungulira $200,000. Lamulo limene linasainidwa mu Julayi 2025 linaika malire pa ngongole za boma za ophunzira a maphunziro ngati udokotala, $50,000 pachaka ndi $200,000 zonse pamodzi, kwa obwereka atsopano kuyambira Julayi 2026. Zotsalazo zimayenera kuchokera m'thumba kapena ku mabanki. Mwana amene wamangidwa ku sukulu imodzi ya udokotala sangathe kuyerekeza mitengo, pamene mnzake wa njira ya masiku onse akhoza kusankha sukulu ya boma la kwawo yotsika fizi kapena ina yopereka thandizo lalikulu. Pulogalamu ya zaka 6 kapena 7 imapulumutsadi fizi ya chaka chimodzi kapena ziwiri, koma muwerengetse zaka zonse pamodzi musanasangalale. Palinso alangizi olipidwa amene amatenga madola zikwi zambiri polonjeza kukonzera mwana fomu. Palibe mmodzi mwa iwo amene ali ndi mpando woti apereke.

Ndani amene njira imeneyi imamuyenera

Imamuyenera mwana amene waona odwala, waona magazi, waona kutopa kwa madokotala, ndipo akamafotokoza za ntchitoyi amalankhula za zinthu zimene anaziona yekha. Mwana wotere akapeza mpando, makamaka wa zaka 8 wopanda MCAT, wapeza chinthu chabwino kwambiri, ndipo ndingamulimbikitse kuti autenge. Koma m'mabanja athu udokotala umakhala loto la nyumba yonse, ndipo mwana womvera amatha kulinyamula osadziwa ngati ndi lake. Akafika chaka chachiwiri pa koleji n'kupeza kuti mtima wake uli pa uinjiniya kapena malamulo, kusiya mpando umene achibale onse mpaka kumudzi anausangalalira kumamulemera kwambiri. M'mapulogalamu ambiri akhoza kutuluka n'kumaliza digiri yake bwinobwino, ngakhale kuti m'mapulogalamu othamanga a zaka 6 kutuluka kumasokoneza kwambiri makosi. Makolo amuuze zimenezi poyambirira, momveka, kuti akadzasintha maganizo adzakhalabe mwana wawo wonyadiridwa. Komanso mpandowu sulonjeza ukatswiri umene mwana adzaufune. Malo a residency amapikisanidwa paokha, potengera mayeso a chilolezo cha udokotala a USMLE, makalata a madokotala amene anamuphunzitsa ndi m'mene anagwirira ntchito m'mawodi.

Kwa amene sanatengedwe, kapena amene sanakonzeke pa zaka 17, pali njira yapakati. Masukulu ena a udokotala amalonjeza mpando kwa ophunzira amene ali kale pa koleji, m'chaka chachiwiri. Icahn School of Medicine ya ku Mount Sinai ku New York ili ndi pulogalamu ya FlexMed, imene imalandira ofunsira ochokera ku makoleji osiyanasiyana ndipo siwalembetsa MCAT. Pa msinkhu umenewo mwana amakhala atalawa kemisitiri ya pa koleji ndipo akudzidziwa bwino. Aliponso mapulogalamu a BS/DO, opita ku masukulu opereka digiri ina ya udokotala yotchedwa DO, monga Lake Erie College of Osteopathic Medicine ndi New York Institute of Technology. Madokotala a DO ali ndi chilolezo chonse chochiza ndi kuchita opaleshoni ku America, ndipo mpikisano wolowera umakhala wopepukirako. Madokotala ambiri amene akugwira ntchito ku America lero sanalonjezedwe mpando ali ku sekondale, anadutsa njira yaitali ija.

Wophunzira amene ali ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Tete ndipo cholinga chake ndi kukhala dokotala, njira yake yodalirika ndi sukulu ya udokotala ya m'dziko lake kapena ya m'chigawo chino, imene imamutenga kuchokera ku sekondale pa mtengo wochepa kwambiri poyerekeza ndi manambala ali pamwambawa. Akadzafuna ukatswiri wa ku America pambuyo pake, khomo lake ndi lina: kutsimikiziridwa ndi bungwe la ECFMG, loona za madokotala amene anaphunzira kunja kwa America, kulemba mayeso a USMLE, ndi kupikisana nawo pa malo a residency amene amagawidwa mwezi wa Malichi chaka chilichonse. Pafupifupi dokotala mmodzi mwa anayi alionse ku America anaphunzira udokotala kunja kwa dzikolo n'kulowera khomo limeneli. Amene akufunabe digiri yoyamba ya ku America akhoza kupeza uphungu waulere ku EducationUSA, nthambi ya boma la America yolangiza ofuna kukaphunzira kumeneko, ndipo funso loyamba kufunsa sukulu iliyonse ya BS/MD imene yamukopa likhale lakuti kodi imalandira wofunsira wopanda green card.